Seva Ikagwa Posintha Schema: Tifufuze Vutoli Ngati Asayansi

Pa yunivesite, ku banki kapena pa kampani yaikulu, munthu amakhala ndi dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi zolowera paliponse: pa imelo, pa Wi-Fi, ngakhale pa kompyuta ya mu laibulale. Zimenezi zimatheka chifukwa pali makina amodzi amene ena onse amakafunsako kuti, "Munthu uyu mukumudziwa? Pasiwediyi ndi yakedi?" Makina amenewa amatchedwa directory server. Tsiku limene agwa, palibe amene amalowa. Imelo ilipo, intaneti ilipo, koma aliyense wangoima pakhomo ngati mlonda wapita ndi makiyi.

Lero tiona nthawi ina imene seva yotereyi imakonda kuvuta: pamene woyang'anira akusintha malamulo ake, otchedwa schema, iyo ili mkati mogwira ntchito. Musachite mantha ndi mawu achilendowa. Njira yofufuzira vutoli ndi yomwe ija timagwiritsa ntchito mu labu ya Physics.

Directory server ndi kaundula

Ganizirani za kaundula wa kusukulu. Muli mayina a ophunzira, kalasi yawo, tsiku lobadwa ndi zina zotero. Kaundula amalembedwa mwa apo ndi apo koma amawerengedwa tsiku lililonse. Directory server nayonso ndi choncho: inapangidwa kuti iziyankha mafunso ambiri mofulumira.

Makompyuta amalankhula nayo m'chinenero chotchedwa LDAP. Chinenerochi chinayamba chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ngati njira yopepuka yofikira ma directory a mtundu wa X.500, ndipo University of Michigan ya ku America inachita mbali yaikulu pa ntchitoyi. Mtundu wachitatu wa LDAP, umene ukugwirabe ntchito mpaka pano, unatuluka mu 1997. Mu 1998 Kurt Zeilenga anayambitsa OpenLDAP, pulogalamu yaulere imene aliyense angathe kuwerenga mmene inalembedwera. Seva yake imatchedwa slapd, ndipo zitsanzo zathu zambiri zichokera kumeneko. Nayo Microsoft ili ndi yake, Active Directory, imene inabwera ndi Windows 2000.

Munthu mmodzi amalembedwa motere:

dn: uid=wophunzira1,ou=ophunzira,dc=example,dc=org
objectClass: inetOrgPerson
uid: wophunzira1
cn: Wophunzira Woyamba
sn: Woyamba

Mzere woyamba ndi keyala yake mu kaundula. Wachiwiri ukunena mtundu wa chinthu chalembedwachi. Mizere inayo ndi zimene tikudziwa za munthuyo.

Nanga schema ndi chiyani?

Kaundula wa kusukulu ali ndi mitu pamwamba pa tsamba: dzina, zaka, kalasi. Simungalembe "nsima" pamene pafunika zaka. Schema ndi mitu imeneyi pamodzi ndi malamulo ake.

Muli zinthu ziwiri zikuluzikulu. Choyamba ndi attribute type, kutanthauza kabokosi kamodzi ka pa fomu. Schema imanena dzina la kabokosiko, zimene zingalembedwemo, kaya manambala kaya mawu, ndiponso mmene tingafananitsire ziwiri. Chachiwiri ndi object class, imene ili ngati fomu yonse: imanena timabokosi timene tiyenera kudzazidwa ndi timene mungasiye. Mwachitsanzo, fomu yotchedwa person imafuna zinthu ziwiri mosalephera, cn ndi sn. Mukasiya sn, seva imakana.

Chilichonse mu schema chili ndi nambala yakeyake yotchedwa OID. Ya cn ndi 2.5.4.3, ya sn ndi 2.5.4.4, ya person ndi 2.5.6.6. Bungwe likafuna kupanga timabokosi take, limapempha nambala ku IANA, ndipo manambala ake amayamba ndi 1.3.6.1.4.1. Cholinga n'chakuti zinthu ziwiri zosiyana zisakhale ndi nambala imodzi.

Chinanso chofunika: mafomu amadalirana ngati njerwa za khoma. Fomu ya inetOrgPerson inamangidwa pa organizationalPerson, imene inamangidwa pa person. Mukasuntha njerwa yapansi, zapamwamba zonse zimamva.

N'chifukwa chiyani amasintha seva ili yoyaka?

Kale, woyang'anira slapd ankalemba zosintha mu fayilo ya slapd.conf, kenako n'kuzimitsa seva ndi kuiyatsanso. Ikamayaka inkawerenga malamulo atsopano kuyambira pachiyambi. Njirayi ndi yosavuta, koma pa nthawi imene seva yazima anthu salowa. Ndiye kuyambira pa OpenLDAP 2.3 panabwera njira yotchedwa cn=config, yolola kusintha makonzedwe ndi schema popanda kuzimitsa.

Mu Physics timati musanasinthe babu kapena kugwira waya, zimitsani switchi. Apa tikusintha babu magetsi akuyenda. N'zotheka, koma wopanga pulogalamuyo ayenera kuganizira chilichonse chimene chingachitike pa kamphindi kosinthirako.

Kukana ndi kugwa n'zosiyana

Apa m'pamene ambiri amasokoneza. Mukatumiza schema yolakwika, seva yabwino imakana, n'kukupatsani nambala ya cholakwikacho. Nambala 17 ikutanthauza kuti attribute imene mwatchula siikudziwika. Nambala 21 ikutanthauza kuti zimene mwalemba sizikugwirizana ndi kalembedwe kofunika. Nambala 65 ndi kuphwanya lamulo la object class, ndipo 53 ndi seva kunena kuti siichita zimene mwapemphazo. Zonsezi ndi thanzi labwino. Seva ili moyo, ikungokuuzani kuti mukonze.

Kugwa ndi nkhani ina. Pulogalamu imangofa mwadzidzidzi, osayankha kanthu. Lamulo lake ndi ili: ngakhale woyang'anira atatumiza zolakwika, pulogalamu siyenera kufa. Ikafa, ndiye kuti mu pulogalamumo muli cholakwika, chimene timachitcha bug. Nthawi zina zolakwika zimakhala ziwiri: china mu fayilo imene mwatumiza, china mu seva imene yalephera kuikana bwinobwino.

Chimachitika n'chiyani mkatimo?

Seva ikayaka imawerenga schema n'kuiika mu memory. Memory ili ngati mabokosi a ku positi ofesi: ambirimbiri, lililonse ndi nambala yake. Mbali zina za pulogalamu sizisunga lamulo lonse la sn. Zimangosunga nambala ya bokosi limene lamulolo lili. Nambala yotereyi imatchedwa pointer.

Tsopano woyang'anira wasintha lamulo. Seva yalemba latsopano m'bokosi lina, lakale lija yalibweza kuti ligwire ntchito ina. Koma bwanji ngati mbali ina ya pulogalamu ikadali ndi nambala yakale? Ipita ku bokosi limene salinso lake. Akatswiri amatcha vutoli use after free.

Zikatero pangachitike ziwiri. Ngati malowo pulogalamu siloledwa kuwagwira, Linux imaitumizira chizindikiro chotchedwa SIGSEGV, nambala yake 11, ndipo imafera pomwepo. Uku ndiye kumene mumamva akuti segmentation fault. Koma ngati bokosilo lapatsidwa kwa mbali ina ya pulogalamu yomweyo, imawerenga kalata ya mwini wake ngati yake, n'kupitiriza ntchito ndi zinthu zolakwika. Ikhoza kugwa patapita mphindi 10 kapena maola angapo. Apa m'povuta, chifukwa pamene yagwera si pamene inapunthwa.

Vuto lachiwiri limabwera chifukwa seva imatumikira anthu ambiri nthawi imodzi. Imagawa ntchito kwa antchito ang'onoang'ono a mkati mwake otchedwa ma thread, ndipo onse amagwiritsa ntchito memory imodzi. Tayerekezani aphunzitsi 16 akuwerenga kaundula mmodzi, ahedi n'kubwera kudzafufuta mutu wina pamwamba pa tsamba. Amene wawerenga asanafufute zake zili bwino. Amene wawerenga atamaliza kulemba mutu watsopano zakenso zili bwino. Koma amene maso ake afika pomwe pafufutidwa, pasanalembedwe kanthu, wasokonezeka. Zotsatira zikudalira amene wafika msanga, n'chifukwa chake amati race condition, ngati mpikisano wothamanga.

Opanga OpenLDAP amalidziwa vutoli. Pakabwera zosintha za cn=config, slapd imaimitsa kaye ma thread enawo, n'kusintha, kenako n'kuwamasula. Zili ngati ahedi anena kuti, "Aliyense aike cholembera pansi." Njirayi imathandiza kwambiri, koma simaliza zonse. Ngati mphunzitsi wina anakopera kale nambala ya bokosi pa kapepala kake, kumuimitsa sikusintha kapepalako. Komanso ngati wina akuchedwa kumaliza ntchito yake, onse amamudikira, ndipo kwa anthu akunja seva imaoneka ngati yauma.

Vuto lachitatu limadzaoneka mochedwa. Seva yalandira zosintha, ikuyenda bwino, koma tsiku loiyatsanso ikukana kudzuka chifukwa zimene zili pa disiki sizikugwirizana. Mu cn=config zigawo za schema zimakhala ndi manambala a ndondomeko, kuyambira pa 0, ndipo core imayamba chifukwa zina zimadalira iyo. Mafayilo a mu slapd.d ali ndi chenjezo pamwamba loti musawasinthe pamanja. Amene amanyozera chenjezoli amadzadziwa kuti anaononga patapita masabata, magetsi atazima n'kuyakanso.

Tiwerengere pang'ono

N'chifukwa chiyani bug yotere imaoneka lero, mawa osaoneka? Masamu ayankha.

Purosesa ya 3 GHz imagunda ka 3,000,000,000 pa sekondi. Kugunda kumodzi kumatenga pafupifupi 0.33 ya nanosekondi, ndipo pa nthawi imeneyi kuwala kumayenda masentimita 10 okha. Choncho kamphindi kamene kwa ife si kanthu, kwa kompyuta ndi nthawi yochitira zinthu mamiliyoni.

Tiyerekeze kuti posintha schema pali kampata koopsa ka 0.001 ya sekondi. Funso lililonse lofika m'kampatako ligwetsa seva. Chiwerengero cha mafunso amene tingayembekezere m'kampatako ndi mafunso a pa sekondi kuchulukitsa ndi kutalika kwa kampata.

Usiku, funso 1 pa sekondi: 1 × 0.001 = 0.001. Ndiye kuti igwa pafupifupi kamodzi pa maulendo 1,000.

M'mawa aliyense akulowa, mafunso 200 pa sekondi: 200 × 0.001 = 0.2. Igwa pafupifupi kamodzi pa maulendo 5.

Mwaona? Munthu akhoza kuyesa ka 20 pa kompyuta yake, pomwe palibe wina akufunsa kanthu, n'kunena kuti zonse zili bwino. Akakachita zomwezo pa seva yeniyeni Lolemba m'mawa, basi yagwa. Bug inalipo nthawi yonseyi, chimene chasintha ndi kuchuluka kwa anthu.

Musaganize kuti mpikisano wa ma thread ndi nkhani ya masewera. Pa 14 Ogasiti 2003 magetsi anazima kumpoto chakum'mawa kwa America ndi mbali ina ya Canada, ndipo anthu pafupifupi 50 miliyoni anakhudzidwa. China mwa zimene zinakulitsa vutoli chinali race condition mu pulogalamu yochenjeza ya m'chipinda choyang'anira magetsi ku Ohio. Ma alamu anasiya kulira, ndipo ogwira ntchito sanadziwe msanga kuti mawaya akuluakulu ayamba kuzima.

Kafufuzidwe kake

*1. Sungani umboni musanakonze.* Seva ikagwa mafoni amalira, ndipo mtima umafuna kungoiyatsanso. Iyatseni ndithu, anthu akudikira, koma kopani kaye ma log, fayilo ya zosintha imene munatumiza ndi nthawi yeniyeni imene yagwera. Lembaninso mtundu wa pulogalamuyo. Lamulo la slapd -VV limakuuzani. Mu labu timalemba zimene taona tisanaphwasule zipangizo, si choncho?

*2. Dziwani mmene yafera.* Pulogalamu ikaphedwa ndi chizindikiro, shell imaonetsa nambala 128 kuphatikiza nambala ya chizindikirocho. Mukaona 139, ndiye 128 + 11, segmentation fault. Mukaona 134, ndiye 128 + 6: pulogalamu yadziimitsa yokha itaona kuti china chake sichili bwino mkati. Mukaona 137, ndiye 128 + 9: yaphedwa kuchokera kunja, ndipo kawirikawiri ndi Linux imene yaipha chifukwa memory yatha. Pamenepa schema ikhoza kukhala yosalakwa. Zinthu ziwiri kuchitika motsatizana sikutanthauza kuti choyamba chayambitsa chachiwiri. Tambala amalira dzuwa lisanatuluke, koma si iye amalitulutsa.

*3. Werengani ma log.* Log ndi buku limene seva imalembamo zimene ikuchita. Mu slapd mulingo wotchedwa stats, nambala yake 256, umalemba funso lililonse ndi yankho lake. Yang'anani funso lomaliza limene linalowa koma yankho lake silinalembedwe. Limeneli ndiye loyamba kulikayikira.

*4. Bwerezani vutolo pa makina oyesera.* Lamulo la slapcat limatulutsa zonse za mu seva kukhala fayilo, ndipo slapcat -n 0 imatulutsa makonzedwe pamodzi ndi schema. Ndi slapadd mumaziika pa kompyuta ina imene palibe akuidalira. Kumeneko gwetsani seva mmene mungafunire. Kumbukirani masamu aja: ngati mukukayikira mpikisano wa ma thread, lembani kapulogalamu kotumiza mafunso ambirimbiri uku mukusintha schema. Vuto limene mungathe kulibwereza mwakufuna kwanu latsala pang'ono kugonja.

*5. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi.* Poyesa lamulo la Ohm sitisintha waya, batire ndi kutentha nthawi imodzi, chifukwa sitingadziwe chimene chasuntha singano ya ammeter. Apanso chimodzimodzi. Ngati fayilo ili ndi ma attribute 64 ndipo imodzi ndiyo ikugwetsa seva, musayese imodziimodzi. Gawani pakati: tumizani 32. Yagwa? Wolakwa ali mmenemo. Sinagwe? Ali mu 32 inayo. Gawaninso: 16, 8, 4, 2, 1. Maulendo 6 okha mwamupeza, chifukwa 2 × 2 × 2 × 2 × 2 × 2 = 64. Chenjezo: njirayi imagwira bwino ngati seva imagwa ulendo uliwonse. Ngati imagwa kamodzi pa 5, kusagwa ulendo umodzi si umboni, ndiye gawo lililonse liyeseni kambirimbiri. Zimitsaninso zowonjezera za slapd, zotchedwa ma overlay, chimodzichimodzi kuti muone ngati vuto lichoka.

*6. Onani chithunzi cha pa nthawi ya imfa.* Linux ikhoza kusunga zonse zimene zinali mu memory pamene pulogalamu imafa. Fayilo imeneyi imatchedwa core dump, ndipo lamulo la ulimit -c unlimited limachotsa malire a kukula kwake. Mukaitsegula ndi gdb n'kulemba bt, mumaona mndandanda wa masitepe amene pulogalamu inadutsa mpaka pamene inagwera. Mukalemba thread apply all bt, mumaona zimene thread iliyonse inkachita. Mukapeza wina akusintha schema pomwe wina akuiwerenga, mwawagwira ali pa mpikisano. Samalani: mu core dump mukhoza kukhala mapasiwedi ndi zinsinsi za anthu, choncho si yotumiza kwa aliyense.

*7. Gwirani wolakwa pamene akulakwa.* Core dump imaonetsa pamene pulogalamu yagwera. Zida monga Valgrind ndi AddressSanitizer zimaonetsa pamene inapunthwa: zimakuwa nthawi yomweyo pulogalamu ikagwira bokosi limene inabweza kale, n'kukuuzani pamene inalibwezera. Koma zidazi zimachedwetsa pulogalamu, ndipo liwiro likasintha mpikisano uja ukhoza kusiya kuchitika. Bug yothawa ukamaiyang'ana amaitcha heisenbug, moseka dzina la Werner Heisenberg. Inunso mukudziwa kuti thermometer yozizira ikaviikidwa m'kadontho ka madzi otentha imasintha kutentha kumene ikuyeza.

*8. Uzani eni pulogalamu.* Yesani kaye mtundu watsopano, mwina anakonza kale. Ngati vuto likadalipo, lembani lipoti lokhala ndi mtundu wa pulogalamu, kafayilo kakang'ono kamene kamaigwetsa, masitepe obwerezera ndi zimene gdb yaonetsa. Kungolemba kuti "yagwa, thandizeni" kuli ngati lipoti la mu labu lopanda manambala.

Kupewa kuposa kuchiza

Kuwonjezera chinthu chatsopano mu schema n'kosaopsa kwenikweni, chifukwa palibe amene ali kale ndi pointer yake. Kusintha kapena kuchotsa chimene chikugwira ntchito ndiye koopsa. N'chifukwa chake Active Directory siilola kufufutiratu zinthu mu schema. Mumangozilemba kuti zapuma ntchito. Woyang'anira wanzeru akafuna kusintha tanthauzo la attribute amapanga yatsopano ndi OID yatsopano, n'kusamutsa zinthu pang'onopang'ono.

Amasunganso kope la makonzedwe asanagwire kalikonse, amayesa kaye pa makina oyesera, amaunika makonzedwewo ndi slaptest, ndipo amasankha nthawi imene anthu ali ochepa. Akamaliza amaiyatsanso seva yoyesera ija kuti aone ngati idzuka. Mabungwe ambiri amakhala ndi ma seva awiri kapena kuposa okoperana, kuti ina ikagwa inzake ipitirize. Koma chenjerani: ngati makonzedwe nawonso amakoperana, kusintha koipa kukhoza kufika kwa onse.

Yesani nokha

1. Kampata koopsa ndi 0.002 ya sekondi, ndipo seva ikulandira mafunso 50 pa sekondi. Igwa pafupifupi kamodzi pa maulendo angati?
2. Fayilo ili ndi ma attribute 256, imodzi ndiyo yoipa, ndipo seva imagwa ulendo uliwonse. Mugawa pakati kangati kuti muipeze?
3. Seva yafa ndipo shell yaonetsa 137. Muyamba kuyang'ana schema kapena memory? Fotokozani chifukwa chake.
4. Mnzanu akuti, "Ndayesa ka 10 pa laputopu yanga, sinagwe, ndiye palibe bug." Mumuyankha bwanji pogwiritsa ntchito masamu a m'phunziroli?

Funso lachinayi likambiraneni m'magulu, ndipo gulu lililonse lilembe mmene lingakonzere kuyesako kuti kukhale kwachilungamo: chimene musinthe, chimene musasinthe, ndi maulendo amene mubwereze.